Mlendo adafunsa njira ya ku Domwe, ife tidamuseka

Ambiri a inu mumandidziwa ndi mawu okha, pamene ndikukuwerengerani mauthenga a maliro, a maukwati ndi a ng'ombe zosowa pa wailesi. Lero ndasiya kaye zimenezo. Ndikufuna ndikusimbireni za ulendo umene ndidayenda m'mwezi wa July, ndipo ndinene poyera kuti chidandinyamutsa pakhomo si kulimba mtima ayi, koma manyazi.

Lidali Loweruka m'mawa pa msika wa Ulongwe. Kudazizira koti ngakhale anyamata a kabaza adali atabisa manja m'khwapa. Ndikugula nyemba, ndidamva amayi ena ogulitsa kachewere akundikodola. "Inu a pawailesi, tabwerani mudzatimvere zimene akufuna mlendoyu."

Adali mzungu wa panjinga yakapalasa, zikwama lendelende uku ndi uku, khungu litapsa ndi dzuwa la ku Tete. Chipwitikizi chake chidali chosakaniza ndi Chisipanishi, komabe tidamvana. Funso lake lidali limodzi: kodi pano pali munthu amene angamperekeze pamwamba pa phiri la Domwe limene adaliona pa mapu? Adati alipira.

Nditamasulira, msika wonse udafa nacho chiseko. Wina adati, "Akatengako chiyani kumeneko, kuli golide?" Wina adati, "Phiri amakwera ndi anyani ndi otola nkhuni." Ine ndemwe, munthu wopita kusukulu, ndidaseka nawo. Palibe adadzipereka, palibenso adadziwa woti nkumulozera.

Mlendo uja sadakwiye. Adatola kachewere mmodzi pa mulu nkundifunsa ngati ndimadziwa kwawo kwa mbewu imeneyi. Ndidati nkwathu kuno, ku Angonia ndi ku Tsangano. Iye adapukusa mutu, nati kwawo nkumapiri a Andes, ku Bolivia ndi ku Peru, kumene iye adakhalako miyezi iwiri akupalasa njinga yomweyo. Adatinso kuzizira kwathu ndi minda yathu ya m'mbali mwa mapiri zidamkumbutsa kumeneko. Atatero adagula nthochi, nkulunjika msewu wa ku Kalomwe. Ndalama imene akadasiya kuno adakaidyera ku Dedza.

Akuluakulu adati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kameneka kadandicheka ine.

Dziko la anthu okhala pamwamba

Sabata yonseyo ndidakhalira kuwerenga za Bolivia. Ndi dziko la ku South America lopanda doko la panyanja yamchere, monga alili anansi athu a ku Malawi. Gombe limene lidali nalo lidalandidwa ndi Chile pa nkhondo imene idayamba mu 1879.

Kuti mumvetse kutalika kwake, tiyeni tiyerekeze ndi kwathu. Mzinda wa Tete, kumene thukuta limatuluka munthu ali chikhalire, uli pa mamita osakwana 200 kuchokera pamene palekezera madzi a m'nyanja yamchere. Ulongwe ali pa mamita pafupifupi 1,300. Nsonga ya Domwe ili pa mamita pafupifupi 2,100. Phiri la Binga, lalitali kuposa onse muno m'Mozambique, ndi la mamita 2,436, ndipo Sapitwa wa ku Mulanje ndi wa mamita 3,002. Tsono mzinda wa La Paz, kumene kuli boma la Bolivia, uli pa mamita 3,600. Ndiye kuti amayi ogulitsa pa msika wa La Paz amakhala tsiku lonse pamalo okwera kuposa Sapitwa.

Kumtunda kotero mpweya ndi wopepuka. Mlendo akangofika mutu umawawa, mtima umagunda msanga, masitepe khumi okha wayamba kale wefuwefu. Eni dziko matendawa amawatcha soroche, ndipo malangizo awo ndi akuti masiku oyamba munthu aziyenda pang'onopang'ono, azidya zopepuka ndi kumwa madzi ambiri. Koma ngakhale kuli kovuta chotero, alendo amapitabe chaka ndi chaka. Amakaonako chiyani?

Amakaona nyanja ya Titicaca, imene ili pa mamita 3,800, m'malire a Bolivia ndi Peru. M'madera ozungulira nyanja imeneyi ndi mmene anthu adayamba kulima kachewere zaka zoposa 7,000 zapitazo, ndipo mpaka lero ku Andes kuli mitundu yake yoposa 4,000, wofiira, wakuda, wachikasu ndi wamawangamawanga. Asipanishi adamutengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo kwathu kuno adafika ndi azungu. Alimi a kumeneko ali ndi luso limene lidandigwira mtima: m'miyezi ya June ndi July amayala kachewere pabwalo usiku kuti aume ndi chisanu, masana nkumupondaponda ndi mapazi kuti madzi atuluke, dzuwa nkumuumitsa. Amamutcha chuño, ndipo amasungika zaka. Ndi nzeru yomwe ija ya makaka ndi mfutso, kungoti iwo chisanu chimene ife timachitukwana adachisandutsa wantchito wawo.

Amakaonanso Salar de Uyuni, chidikha cha mchere wokhawokha chachikulu kuposa china chilichonse padziko lapansi. Kukula kwake nkoposa masikweya kilomita 10,000, ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a chigawo chathu chonse cha Tete. Mvula ikagwa, madzi amayala pamwamba pa mcherewo nkumaoneka ngati kalilole, ndipo kuli nyumba zogona alendo zomangidwa ndi njerwa za mchere.

Ena amapitira msewu wa Yungas, umene udatchuka ndi dzina loti msewu wa imfa chifukwa cha magalimoto amene ankagwera kuphompho. Msewu watsopano utatsegulidwa mu 2006, wakalewo udatsalira makamaka a njinga. Alendo amalipira kuti atsetsereke nawo makilomita opitirira 60, kuyambira kozizira pa mamita 4,600 mpaka kunkhalango yotentha pa mamita 1,200. Nditawerenga zimenezi ndidakumbuka anyamata athu amene amatsika mitunda ya ku Tsangano ndi matumba awiri a kachewere pa kaliyala. Zimene ife timati kuvutika, ena amazigula ndi ndalama.

Koma nkhani imene idandichititsa manyazi koposa ndi ya amayi a mtundu wa Aymara. Kwa zaka zambiri amayiwa ankaphikira ndi kunyamulira katundu alendo okwera mapiri, iwo nkumatsala m'munsi. Mu 2015 ena mwa iwo adati nafenso tikaone chimene alendowa amakafuna, ndipo adakwera phiri la Huayna Potosí, la mamita 6,088, atavala masiketi awo achikhalidwe. Mu 2019 adafika pa Aconcagua ku Argentina, phiri lalitali kuposa onse ku America. Ena mwa iwo adasanduka operekeza alendo.

Ndidadzifunsa kuti: ine ndili ndi zaka zopitirira 30, dzina la Domwe ndimalitchula pa wailesi tsiku ndi tsiku, nanga pamwamba pake ndidapondapo?

Ulendo wanga

Nditawauza amayi anga za ulendowu adagwira pakamwa. "Mwanawe, kuphiri kuli mabomba." Musawaseke. Iwo adathawa nkhondo nkukakhala ku Dedza, kumene ine ndidabadwira, pa nthawi imene dziko la Malawi lidasunga anthu a kwathu oposa 1 miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, adabwerera ali nane kumsana, ndipo chiyambire pamenepo sapatuka panjira yopondedwa. Ndidawakumbutsa kuti mu September 2015 boma lidalengeza kuti malo onse odziwika amene mudali mabomba okwirira ayeretsedwa. Adangoti, "Ukapite ndi eni dera." Malangizo amenewo ndi abwino, ndipo ndikuwapereka kwa inunso.

Ndidanyamuka tambala woyamba atangolira, pa njinga yamoto. Pa dambo lina udzu udali mbuu ndi chisanu, ndipo zala zanga zidachita dzanzi. Titafika pamudzi wina wa m'tsinde mwa phiri ndidayamba ndakaonekera kwa a nyakwawa, poti safunsa adadya phula. Ndidawapeza akuotha moto, gombeza lili paphewa.

"Mwati mukufuna kukwera phiri? Mwataya chiyani kumeneko, bambo?"

"Sindidataye kanthu, gogo. Ndikufuna ndikangoona."

Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adaseka. "Mawu anuwa ndimawadziwa. Ndinu mudalengeza za ng'ombe yanga ija." Adaitana mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka ngati 16 woweta ng'ombe, kuti anditsogolere. Malamulo adandipatsa atatu: osayatsa moto, osagubuduza miyala poti kumunsi kuli anthu ndi ziweto, ndiponso kutsika dzuwa lisanapendeke.

Apa ndiulule kupusa kwanga. Ndidavala nsapato za ku ntchito, zosalala kunsi. Mnyamata uja adali ndi mapatapata, koma ankadumpha pamiyala ngati mbuzi, ine ndikukwawa ndi manja pambuyo pake. Tisanafike ndi pakati pomwe ndidaterereka nkukhala pansi, buluku nkung'ambika pabondo. Iye adadziletsa kuseka, nati, "Achimwene, muziponda pamene pali udzu, mwala wosalalawo ngonyenga." Adandithyolera ndodo. Kuyambira pamenepo mphunzitsi adali iye, wa sekondale ndidali wophunzira.

Ndipo mnyamatayo amalidziwa phiri. Adandionetsa kasupe wotuluka pansi pa thanthwe, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Adandionetsa ndowe za mbira pakhomo pa phanga, ndi pamene anyani amagona. Mitengo ankaitchula umodziumodzi, uwu msuku, uwu mombo, uwu muwanga, nkumanena umene uli wa mankhwala a m'mimba ndi umene pansi pake pamamera bowa mvula ikagwa. Zonsezi iye saziyesa nzeru. Koma nzimene mlendo uja ankafuna kulipira.

Tidakumana ndi amayi atatu akutsika ndi mitolo ya nkhuni, kapulana ali m'chiuno, mmodzi mwana ali kumsana. Adatipatsa moni mwaulemu, koma titangodutsana ndidamva akunong'onezana kuti, "Abambowa akwera chimanjamanja, atsikanso chimanjamanja." Ndidakumbuka amayi a ku Bolivia aja.

Chidandiwawa ndi ichi: kumunsi konse kumene agogo aja adati kale kudali nkhalango yoti masana kumachita mdima, tidayenda pakati pa zitsa. Tidadutsa mauvuni a makala, ena akufukabe utsi. Mbali ina udzu udali utapsa kale, July yemweyu, chifukwa cha osaka mbewa. Mnyamata uja adati kasupe wina amene ankamwetsapo ng'ombe ali wamng'ono tsopano amauma mwezi wa September usanathe.

Tidafika pamwamba patatha maola anayi. Mphepo yake ndi yoti ukayankhula mawu amabwerera m'kamwa. Ndidakhala pathanthwe, miyendo ikunjenjemera, ndipo kwa kanthawi ndidasowa chonena, ine amene ntchito yanga ndi kulongolola.

Angonia yense adali pansi panga ngati mphasa. Minda youma ya chimanga idali yofiirira, koma m'madambo mudali mizere yobiriwira ya madimba a kachewere, kabichi ndi matimati. Malata ankang'anima m'midzi, ng'ombe zikuoneka ngati nyerere. Chakum'mawa kudali mapiri a ku Dedza. Lamya yanga ya m'manja idalira, ndipo nditayang'ana ndidapeza uthenga wondilandira ku Malawi, chonsecho ndili pa phiri la kwathu.

Ndidafunafuna malire ndi maso, koma sindidawaone. Mzere umene Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana mu 1891 uli pa mapepala ndi pa zipilala basi. Kuchokera pamwamba, midzi ndi yofanana, minda ndi yofanana, ndipo utsi wa mbali zonse umapita kumodzi.

Phiri la mbiri

Domwe si mulu wa miyala chabe. Angoni a kwa Maseko, pochokera kummwera, adakhalapo m'dera lino asanapitirire mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mfumu yawo Mputa itafera kumeneko, Chidyaonga adawabweza, ndipo cha m'ma 1870 adadzakhazikika kuno ku Domwe. Pambuyo pake adalamulira Chikuse, amene adamwalira mu 1891, ndipo mwana wake Gomani adaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Malire atadula dziko pakati, mbumba imodzi idagawika: a Gomani mbali ya Ntcheu, a Zintambira mbali yathu ino. Dzina lenilenilo loti Angonia likuchokera kwa Angoni. Ndipo Angoniwo adapeza Achewa ali kale pano ndi Gule Wamkulu wawo, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, m'dzina la maiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Tsono taonani zimene anzathu achita kutsidya. Mapanga a Chongoni ku Dedza, mmene muli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa pa malo 127, adalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo mlendo akafika ku Mphunzi amapeza womperekeza. Pa Dedza pali malo oumba mbiya ndi makapu amene adayamba mu 1987, pomwe alendo amadya ndi kugona. Ku Mua kuli nyumba yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Phiri la Dedza, la mamita pafupifupi 2,200, limangoposa Domwe pang'ono. Miyala ndi yomweyi, anthu ndi omwewa, chinenero nchimodzi. Kusiyana kwake nkwakuti kumeneko mlendo akafunsa njira amayankhidwa.

Kodi ife tilibe zoonetsa? Munthu wochoka ku Tete kapena ku migodi ya malasha ya ku Moatize, amene wakhala miyezi akugona ndi thukuta, akangokhota pa Mussacama nkuyamba kukwera, amazimitsa zoziziritsa m'galimoto nkutsegula mawindo. Mphepo yokhayo ndi chuma. Tili ndi mishoni ya Lifidzi, imene ansembe a Chijezuwiti adaitsegula zaka zoposa 100 zapitazo, ndi ya Fonte Boa ku Tsangano. Pafupi ndi Lifidzi pali Chapotera, pamene ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, adaphedwa pa 30 October 1985, ndipo akhristu amapitako kukapemphera. Tili ndi mapichesi a m'dzinja, ngoma ya Angoni ndi zishango zake, ndi msika wa Lizulu pamene msewu waukulu wa Malawi umayenda m'malire enieni, wogula ali dziko lina wogulitsa ali dziko lina, makwacha ndi mametikali zikuyendera limodzi. Ndipo alendo oyamba sayenera kukhala azungu ayi. Pa Ulongwe pomwepa pali ophunzira za ulimi a yunivesite ya Zambeze ochokera m'zigawo zosiyanasiyana, pali aphunzitsi, anamwino ndi ana a sukulu amene phirili amangoliona patali.

Walira mvula walira matope

Ndisakunamizeni kuti alendo amabwera ndi zabwino zokhazokha. Ku Bolivia komweko kuli mzinda wa Potosí, kumene Asipanishi adayamba kukumba siliva mu 1545 ndipo anthu osawerengeka adafera m'migodi. Lero alendo amalowa m'migodimo kukajambula anthu amene akugwirabe ntchito yoopsa, ndipo ambiri amafunsa ngati nkoyenera kusandutsa umphawi wa munthu chinthu choonerera. Nafenso tiyenera kudziwa malire athu. Kudambwe si kwa alendo. Kumanda si kojambulirako zithunzi. Mwana asasiye sukulu kuti azithamangira azungu nkumapempha ndalama. Zoti zionetsedwe ndi zoti zibisike anene ndi mafumu ndi eni mudzi, osati mwini galimoto wochokera kutali.

Koma pali zinthu zimene tingachite popanda kudikira thandizo la wina aliyense. Mudzi uliwonse wa m'tsinde mwa phiri utasankha anyamata ndi atsikana awiri kapena atatu odziwa njira, mtengo wake nkugwirizana pabwalo kuti pasakhale kulanda kapena kukangana, ndipo gawo lina la ndalamayo nkumalowa m'thumba la mudzi. A kabaza a pa Ulongwe, pa Domwe ndi pa Kalomwe atadziwa koti nkumutula mlendo. Banja limodzi litakonza chipinda chaukhondo, chimbudzi chabwino ndi madzi owiritsa. Nsima ya mgaiwa, nyemba, nkhwani wotendera ndi kachewere wowotcha nzokwanira, mlendo sadzera mpunga wa m'paketi. Aphunzitsi atatenga ana kukwera phiri kamodzi pachaka nkukawaphunzitsira mbiri ya Chikuse pamalo pake penipeni. Ndipo ngati kwanuko kuli phanga la zojambula zofiira kapena zoyera, musalole ana kulembapo maina awo ndi makala, kapena munthu kusonkhamo moto.

Chachikulu koposa ndi mitengo. Sindikunyoza wootcha makala, poti ndikudziwa kuti thumba limenelo ndilo limagula sopo ndi makope. Koma mtengo umagulitsidwa kamodzi, pamene mthunzi wake ungagulitsidwe chaka ndi chaka. Ndipo ngakhale mlendo asabwere ndi mmodzi yemwe, akasupe a m'phiri ndiwo amathirira madimba athu m'chilimwe. Phiri likameteka mpala, woyamba kulira ndi mlimi wa kachewere.

Kwa ofuna kukwera, nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, mvula itatha, utsi wa moto wolusa usanatseke maso. Nyamukani m'mamawa, valani nsapato zogwira pansi, tengani juzi, madzi ndi kamba, yambani mwaonekera kwa amfumu, ndipo musapite nokha.

Tidatsika dzuwa likupendeka monga adalamulira agogo aja. Ndidampatsa mnyamata uja kangachepe. Adayamba wakana, nati, "Achimwene, ndalama ya chiyani, poti ine kuphiriko ndimapita tsiku lililonse?" Ndidamuuza kuti ndalamayo ndi ya zimene akudziwa. Adailandira ndi manja awiri, koma nkhope yake idaonetsa kuti sadandikhulupirire.

Amayi nditawaonetsa bondo lotupa adati, "Ndidanena ine." Kenaka adafunsa ngati kuchokera pamwambapo ndidakuona ku Dedza kumene tidakhala. Nditavomera adakhala chete, nkufunsanso kuti, "Nanga munthu wa msinkhu wanga angafike?"

Tsono inu a ku Domwe, a ku Lifidzi, a ku Tsangano, a ku Biriwiri ndi abale athu a kutsidya, tilembereni kuno ku tsamba lino kapena tumizani uthenga ku wailesi. Tiuzeni phiri, phanga, mathithi kapena kasupe wa kwanu, ndi amene angaperekeze munthu kumeneko. Ndidzawerenga mayankho anu pa wailesi, ndipo mndandanda wake ndidzakausiya kwa amayi aja a kachewere pa msika wa Ulongwe, kuti wina akadzafunsanso njira, adzamulozere.